ANanyoni ndi Khoma la Pachigono

Malemu athu, Mayi Selestina Goliati, amene pamsika pano aliyense ankangowatchula kuti aNanyoni, anabadwa pa 9 Malichi 1947 m'mudzi mwa Gwaza, kufupi ndi Kandeu, m'boma lino la Ntcheu. Anali oyamba mwa ana asanu a Bambo Hilary Nyoni ndi Mayi Janeti, amene onse awiri anatisiya kalekale. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Silvester Nyoni, mlongo wawo, wachitatu kubadwa. Ambiri a inu nkhope yangayi simukuidziwa, ndipo mlandu si wanu: ndinachoka kuno mu 1972, ndinabwerera mu 2021. Abanja andipatsa pepalali ati poti ndine ndinapita kusukulu. Makosana ndi makosikazi, ndiwerenga mwaulemu monga mwambo wa maliro ufunira, koma ndineneretu kuti pena pepalali lili ndi minga, ndipo sindinaichotse.

Mu 1955 malemu anayamba sukulu ku mishoni ya Nzama, akukhala kwa azakhali athu. Anali ndi mutu, moti masisitere ankayenda ndi kope lawo m'makalasi ena kuonetsa ana kalembedwe kabwino. Mu 1960, atafika Sitandade 4, bambo athu anawaitanitsa kumudzi nati sukulu ipitirire kwa mwana wamwamuna. Mwana wamwamunayo ndinali ine. Mabuku onse amene ndawerenga m'maiko a eni ndawawerenga nditakhala pa mpando wa achemwali anga, ndipo iwo sanandikumbutsepo zimenezi ngakhale tsiku limodzi.

Kuti achinyamata amvetse moyo wa malemu, ndiyenera kufotokoza za Chigono. Ndi nyumba ija ili kuseri kwa chigayo, imene ana a lero amangoti yachikasu yakugwa ija. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1930, ya njerwa zootcha koma zomangira dothi. M'menemo ndimo amuna ochokera ku Kandeu, ku Kasinje ndi kumapiri konseku ankagona podikira lole yowatengera kokalembedwa ntchito ya m'migodi ya ku Joni. Panali mwambo umene boma silinalamule, mzungu sanaphunzitse. Munthu asanakwere lole ankatenga msomali n'kulemba dzina lake ndi la mudzi wake pa njerwa imodzi ya mkati. Akabwerako, asanakaone mkazi, asanakaone ndi amake omwe, ankayamba wadzera Pachigono n'kudula mzere kunsi kwa dzina lakelo. Dzina lokhala ndi mzere, mwini wake anabwera. Lopanda mzere, mukudziwa nokha. Ameneyo ndiye anali kaundula wathu, ndipo mabanja ambiri amene mwakhala panowa, njerwa imeneyo ndiyo manda okhawo a munthu wanu amene muli nawo.

Kuyambira mu 1961 malemu ankagulitsa thobwa ndi zitumbuwa pakhomo pa Chigono pamodzi ndi amayi athu. Amuna ambiri a nthawi imeneyo sankatha kulemba, ndiye ankawapatsa iwo msomali. Maina opitirira mazana awiri a pakhomapo ndi dzanja la achemwali anga. Munthu akawauza dzina la pabawo kapena la pamowa, ankakana. Ankati, "Limenelo mukalitaye ku Joni. Ndiuzeni limene amayi anu adzabwere kudzafuna."

Pa 20 Ogasiti 1966 anamanga ukwati woyera ku tchalitchi cha Nzama ndi Bambo Fyson Goliati a ku Kasinje, mlimi wa mpunga. Mulungu anawapatsa ana awiri, Elson mu 1967 ndi Ida mu 1969. Mu Meyi 1970 a Fyson nawo anakwera lole ija. Ankatha kulemba okha, koma anapempha akazi awo kuti awalembere, ati dzanja lawo lingachititse manyazi khoma. Dzinalo lili pa khoma la kumpoto, pafupi ndi zenera. Kunabwera makalata awiri, kenako zii. Ine nditapita mu 1972 ndinagwira ntchito ya ukalaliki pamgodi zaka zisanu ndi chimodzi, ndisanapite kokaphunzitsa ku Botswana, ndipo ndinawafuna alamu anga m'makomboni, m'zipatala ndi m'mabuku a omwalira. Sindinawapeze. Manyazi obwera chimanjamanja ndi amodzi mwa zimene zinanditchonetsa. Malemu sanakwatiwenso. Analera ana awo ndi thobwa ndi kamunda ka mpunga kamene apongozi awo anawasiyira.

Kulemba anthu a ku migodi kutatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Chigono chinasowa mwini. Malemu anasonkhanitsa amayi khumi ndi mmodzi amene amuna awo analibe mzere. Chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanayambe, ankalambula ngalande, kukwirira maziko, kuzira kunja kwa khoma ndi dothi, ndi kuwaza phulusa m'njira za chiswe. Mkati sankakhudza, ankangopukuta akangaude ndi nthenga za nkhuku. Palibe anawatuma ndipo palibe anawayamika. Mu 1995, ufulu wa zipani zambiri utangobwera ndipo aliyense akuganiza kuti demokalase ndi kutola chilichonse chopanda mlonda, bambo wina anafuna kutsegula bala m'nyumbamo. Malemu anakakhala pakhomo ndi khasu lawo masiku anayi. Anamuuza kuti, "Mowa wanuwo mukayambe mwaumwera pamanda a bambo anu. Ukakakoma mubwere tidzakambirane." Sanabwere.

Nyumba imeneyi inapulumuka chiswe, inapulumuka njala ya 2002 pamene anthu ankazula ndi zitseko zomwe, inapulumuka ogulitsa mowa. Chimene sinapulumuke ndi anthu obwera kudzaisamala.

Mu 2016 akuluakulu anakhazikitsa komiti yosamala nyumba zakale za patauni yathu ino. Sinditchula maina, ena a iwo ali pamipando apa ndipo tawalandira monga alendo a pamaliro. Anabwera ndi magalimoto atatu. Ida wandiuza kuti tsiku limenelo amayi ake analulutira mpaka mawu kutha, ati potsiriza boma lakumbuka. Komiti inalemba nyumba zinayi: sitolo yakale ya Mmwenye, positi ofesi yakale, bwalo lakale la milandu, ndi Chigono. Anawajambulitsa malemu pakhomo, anawaveka chitenje, kenako anawalanda makiyi n'kuika loko wawo. Atafunsa ngati angakhale nawo m'komitimo, anauzidwa kuti misonkhano yake imachitika m'Chingerezi. Inkachitikadi m'Chingerezi, ku hotela, kutali ndi nyumba zimene ankakambiranazo.

Lipoti la komitiyo ndaliwerenga lonse, masamba makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi. Sindikhulupirira kuti onse amene analisaina angalankhule chimodzimodzi. Pa tsamba 31 katswiri wawo analemba kuti makoma a mkati mwa Chigono awonongedwa ndi anthu opanda khalidwe amene amalembalemba pakhoma, choncho apakidwe pulasitala. Eni chigayo akuti katswiriyo sanakwanitse theka la ola m'nyumbamo. Mayi amene analemba ambiri mwa mainawo anali pa chidebe chawo cha thobwa, mtunda woti ukakhosomola akumva. Palibe anawafunsa. Ine ndaona ndi maso anga m'maiko ena chipinda cha ndende chimene mkaidi anakanda khoma ndi supuni, eni dziko anaphimbapo galasi ndipo anthu amaima pamzere kudzaona. Kuno kwathu, ana a anthu omwe anakanda khomalo anayang'ana dzanja la makolo awo n'kulitcha litsiro.

Mu Juni 2018 anabwera kontilakita. Malemu anamva mafosholo akusakaniza simenti ndipo anathamangirako. Anauza kapitawo kuti khoma lomangira dothi limapuma ngati munthu, ukalitseka ndi simenti mbali zonse limachita thukuta mkati, n'kufewa, n'kugwa. Kapitawo anaseka nati, "Agogo, izi ndi zachitukuko, inu kaphikeni thobwa." Anamata kunja, anamata mkati, anapaka penti wachikasu wonyezimira. Maina mazana asanu ndi limodzi ndi khumi ndi limodzi, 611, analowa pansi pa simenti m'masiku atatu. Tsiku lotsegulira kunali magule, kunali zolankhula, ndipo anakhoma chikwangwani cholembedwa kuti amuna amene anagona m'nyumbayi sadzaiwalika. Chikwangwanicho chilipo, mukachiwerenge. Malemu anaitanidwa kuti akavine nawo. Anapita kumunda.

Mu Malichi 2019, mvula ija inagwa masiku osalekeza, khoma la kum'mawa linagwa monga ananenera. Linali litaima zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Ndi simenti linatha miyezi isanu ndi inayi. Maina 140 anasanduka matope. Nyumba zina zitatu zija musandifunse. Ya Mmwenye anaiika zitseko zagalasi ndipo akugulitsiramo mafoni. Positi ofesi anaisasula denga kuti alikonze, malatawo mpaka lero akukonzedwabe kumene anapita. Pabwalo la milandu anadula mkuyu umene anthu ankakhalapo podikira mlandu, kuti papezeke poimika magalimoto a alendo odzaona zakale. Ndili kunja ndinkalota tauni ino usiku ndi usana. Nditafika ndinafunsa njira ya kwathu kwa mwana wa njinga ya kabaza.

Khoma litagwa, malemu sanafunenso kiyi. Ankalowera pogumukapo. Loko wa komiti akadali pachitseko mpaka lero, akulondera mokhulupirika. Atapenda pulasitala uja anapeza kuti kontilakita anaumira simenti n'kuchulutsa mchenga, ndipo kumeneko ndi kuba kokhako kumene ndinganene kuti kunatithandiza. Anapeza njira yawoyawo. Ankapachika chiguduli chonyowa pakhoma masiku awiri, kenako ndi kampeni kakutha ankatukula simenti pang'onopang'ono, kachidutswa ngati chikhadabo. Ukapupuluma, nkhope ya njerwa imachoka pamodzi ndi dzina, osabwereranso. Tsiku labwino ankatulutsa maina awiri. Masiku ambiri, limodzi kapena theka.

Dzina likatuluka ankatumiza uthenga kudzera m'zolengeza za kutchalitchi, ndiponso kwa anzathu a mipingo ina ndi a kumzikiti. Anthu ankabwera panjinga kuchokera ku Kasinje kudzangoika chikhatho panjerwa. Bambo Dyton a m'mudzi mwathu mwa Gwaza, amene akhala kutsogoloko ndi ndodo, anabadwa bambo awo atakwera kale lole. Analibe chithunzi, analibe manda. Anadzaona dzina la bambo awo ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo andipempha kuti ndinene pano kuti tsiku limenelo ndi limene anasiya kudzimva ngati mwana wotola. Kuchokera mu Epulo 2019 kufika mu Ogasiti chaka chino, malemu anatulutsa maina 298. Nthawi yonseyi komiti inawalembera kalata imodzi, yowachenjeza kuti akuwononga penti.

Ine ndinafika mu Julaye 2021, patatha zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Kunyumba anandiuza kuti achemwali ali Pachigono. Ndinawapeza atakhala pa kampando, atayang'ana kukhoma, mutu uli mbuu ndi fumbi. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa m'basi monse. Sanaimirire. Anangoti, "Mwafika, achimwene? Lanu ndinalipeza chaka chatha, lili apo pansi pa la anzanu aja a Cedric. Msomali uwu. Dulani mzere kaye, zolira tikalirira kunyumba." Ndinadula.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene sanayambire ndi dzina la amuna awo, poti malo ake ankawadziwa bwino. Anati, "Ndikaona la a Fyson ndidzalekera pomwepo, sindidzabweranso kuno. Nanga a eni akewa adzawatulutsa ndani? Likhale lomaliza." Pamene ndikulankhula pano, pansi pa simenti patsala maina 173, onse pa khoma la kumpoto, ndipo la a Fyson Goliati lili m'gulu lomwelo.

Malemu anayamba kudandaula za chifuwa ndi kutupa miyendo chaka chatha. Ankalandira mankhwala kuchipatala chaching'ono n'kubwerera kukhoma kwawo, ngakhale Elson ankawaletsa. Pa 2 Sepitembala chaka chino cha 2024 matenda anakula ndipo anagonekedwa kuchipatala chachikulu. Pa 10 Sepitembala Ida analandira kalata yochokera ku komiti ija, yonena kuti makoma otsala a Chigono ndi oopsa kwa anthu, choncho agwetsedwa Lachitatu pa 25 Sepitembala, ndipo pamalopo pamangidwa chipilala chachikumbutso. Tinagwirizana zowabisira, koma wina wodzazonda anawapepesa za nkhaniyo poganiza kuti akudziwa. Sindikunena kuti kalata inawapha, madokotala anena za mtima ndipo ine si dokotala. Ndikungotchula masiku mwa ndondomeko yake. Lachitatu lapitali anafunsa Ida ngati chiguduli chija wachinyowetsa. Ida anati eya. Anati, "Usapupulume nacho." Anatisiya m'mawa wa Lachinayi pa 19 Sepitembala, atalandira masakalamenti a odwala, ali ndi zaka 77.

Malemu asiya ana awiri, Elson ndi Ida, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi zidzukulutudzi zinayi. Mwa abale awo tatsala awiri, ine ndi mng'ono wawo Mervis. Amuna awo a Fyson sitikuwawerenga kwa amoyo, sitikuwawerenganso kwa akufa, chifukwa palibe anatiuza.

M'malo mwa banja la Nyoni ndi la Goliati ndikuthokoza Bambo Mfumu, amphakati wathu ndi amayi a Lejio amene sanatisiye kuyambira kuchipatala. Ndikuthokoza mafumu, adzukulu amene alimbana ndi nthaka youma ya Sepitembala, ndi anamwino amene ankawatembenuza malemu ngati mayi wawo. Ndikuthokoza eni chigayo amene zaka zisanu akhala akupereka madzi onyowetsera chiguduli osawerengera zidebe. Mwa amayi khumi ndi mmodzi aja atsala atatu, aNandau, aNangozo ndi Mayi Tikondwe. Kwa inu amayi athu, mawu othokozera ndilibe okwana.

A komiti atumiza nkhata ya maluwa, apempha nthawi yolankhula, ndiponso atiuza kuti dzina la malemu lidzalembedwa pa chipilala chija, pansi pa la mlendo wolemekezeka. Nkhata talandira, maluwa sanalakwe. Nthawi yolankhula abanja akuti munali nayo zaka zisanu ndi zitatu, lero ndi tsiku lanu lomvetsera. Za chipilala takana. Munthu amene anathera maso ndi zala kutulutsa maina a anzake sitingamulembe pamwamba pa zigumukire za maina omwewo.

Tsopano chilengezo cha abanja, ndipo ndichiwerenga pang'onopang'ono kuti pasadzakhale wonena kuti sanamve. Akuluakulu a mabanja onse awiri akhala pansi dzulo, ndipo mafumu avomereza. Tikachoka kumanda sitibwerera kunyumba kwa malemu. Siwa tasamutsira Pachigono, poti ndiko kumene ankaswera, kunyumba ankangopita kukagona. Mphasa zapita kale, nkhuni zapita, masamba taika pamsewu mbali zonse ziwiri. Amayi azikhala mkati, abambo panja, monga mwa nthawi zonse. Anyamata amene alembedwa ganyu yogwetsa khoma Lachitatu ndi ana athu omwe, ena ndawaona akusenza dothi kumanda m'mawa uno. Akadzafika ndi mapiki awo adzapeza maliro, ndipo sindikuganiza kuti m'boma lino muli mwana woleredwa ndi mayi amene angakweze piki panyumba ya siwa. Adzavula zipewa, adzakhala pansi, adzapepesa, ndipo tidzawapatsa thobwa.

Mudzafunsa kuti kumeta ndi liti. Tsiku lometa saika ndi komiti, amaika ndi eni maliro, ndipo eni maliro agwirizana kuti tidzameta tsiku limene dzina lomaliza lidzatuluke. Kampeni kali ndi Ida, anaphunzira kwa amayi ake ndipo waphunzitsa anzake awiri. Aliyense amene akudziwa kuti munthu wake analemba pa khoma la kumpoto abwere ndi chiguduli ndi mpeni wakale, koma abwere ndi mtima wodekha, opupuluma tidzawatuma kotunga madzi. A komiti, ngati mukuopadi kuti khoma ligwera anthu, ndiye anthuwo tsopano ndife. Bweretsani mitengo yochirikiza ndi malata mvula isanabwere, ndipo mukafika mufunse Ida poti muimike. Amayankha m'Chichewa.

Achemwali anga, aNanyoni, mwatopa mokwanira. Ambuye amene sasowa msomali kuti akumbukire munthu akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mu mtendere wosatha. Ife otsalafe kupuma kwathu kuyambe kwadikira.